Zikondwerero za nyimbo m'matauni akale a ku Italy: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amafunsidwa mobwerezabwereza ndi anthu amene akukonza ulendo wa ku Italy, kaya akunyamukira kumudzi, ku Joni kapena ku Britain, komanso ndi ena amene amangofuna kudziwa. Tayamba ndi mafunso apafupi, kenako a malo enieni, ndipo za mapepala, ndalama ndi mayendedwe zili kumapeto. Masiku enieni ndi mitengo zimasintha chaka ndi chaka, choncho musanalipire kalikonse onani kaye tsamba la chikondwerero chimene mwasankha.

Kodi n'chifukwa chiyani zikondwerero zotchuka chonchi zimachitikira m'matauni aang'ono?

Italy anakhala dziko limodzi mu 1861. Izi zisanachitike, derali linali logawikana m'maufumu ndi m'timaboma tambirimbiri, ndipo tauni iliyonse inkadziyesa likulu. Mfumu, bishopu ndi mabanja olemera a kumeneko ankapikisana ndi anzawo a tauni yoyandikana nayo pomanga tchalitchi chachikulu, bwalo lapakati ndi nyumba ya zisudzo. N'chifukwa chake lero mupeza tauni ya anthu osakwana 50,000 ili ndi nyumba ya zisudzo imene mizinda ikuluikulu ya mayiko ena ilibe.

Chifukwa chachiwiri ndi kutentha. Nyumba zakale za zisudzo zimaotcha kwambiri mu Julayi ndi Ogasiti, motero nyimbo zimatuluka panja n'kupita m'mabwalo a Aroma, m'mabwalo a nyumba zachifumu ndi pakhomo pa matchalitchi. Zikondwerero zambiri zimene tikuzitchula pano zinayamba m'zaka za m'ma 1900, pamene matauniwa anaona kuti nyumba zakalezo zingathe kukopa alendo. Ndiye mukagula tikiti, theka la zimene mwalipirira ndi malowo.

Zimachitika miyezi iti?

Zambiri zimachitika kuyambira kumapeto kwa Juni mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Pamene ku Lilongwe ndi ku Dedza anthu akuwotha moto, ku Italy dzuwa limakhala likuswa mtengo, ndipo limalowa mochedwa kwambiri, cha m'ma 9 koloko usiku. Ichi ndi chifukwa chake zoimbaimba zapanja zimayamba cha m'ma 9 koloko n'kutha pakati pa usiku kapena kupitirira. M'miyezi imeneyi wotchi ya ku Italy imafanana ndi ya ku Malawi. Nyengo yozizira ya ku Italy, wotchi ya kumeneko imatsalira ndi ola limodzi.

Mwachidule, Ravenna ndi Verona amayamba kale mu Juni, Spoleto ndi kumapeto kwa Juni mpaka pakati pa Julayi, Perugia ndi Lucca ndi Julayi, Macerata, Torre del Lago ndi Martina Franca ndi Julayi mpaka Ogasiti, Pesaro ndi Ogasiti, ndipo mchezo waukulu wa ku Melpignano ndi kumapeto kwa Ogasiti. Za miyezi yozizira ya ku Italy zili ndi funso lakelake m'munsimu.

Opera n'chiyani kwenikweni? Kodi ndingamve kanthu ngati sindidziwa Chitaliyana?

Opera ndi sewero limene ochita ake amaimba m'malo molankhula, motsagana ndi gulu lalikulu la oimba zida monga vayolini, zitoliro ndi malipenga. Inayambira ku Florence cha m'ma 1600, ndipo nyumba yoyamba imene munthu wamba ankalowamo ndi tikiti inatsegulidwa ku Venice mu 1637. Mu 2023 bungwe la UNESCO linaika kaimbidwe ka opera ka ku Italy pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa. Luso lake lagona pa mawu: woimba amaphunzira zaka zambiri kuti liwu lake lipyole zida zonse n'kukafika kwa munthu wakumbuyo kwenikweni.

Chinenero chisakudetseni nkhawa. Ngakhale eni dziko samva mawu onse akamaimbidwa. M'malo ambiri, kuphatikizapo ku Verona, mawu amaonetsedwa pa sikirini m'Chitaliyana ndi m'Chingerezi. Chothandiza koposa ndi kuwerenga chidule cha nkhaniyo masana musanapite. Nkhani zake sizovuta: chikondi choletsedwa, nsanje, bambo wouma mtima, mfumu yankhanza, ndipo kawirikawiri pamapeto pamafa munthu.

Aliyense amatchula Verona. Kuli chiyani?

Kuli bwalo lamiyala limene Aroma anamanga m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, lotchedwa Arena, ndipo lili pakati penipeni pa tauni. Khoma lake lakunja linagwa ndi chivomezi cha mu 1117, kunangotsala kachigawo kamodzi kamene kakuonekabe mpaka lero. Opera inayamba kuchitikiramo mu Ogasiti 1913, pokumbukira kuti patha zaka 100 chibadwire Giuseppe Verdi, wopeka maopera wotchuka, ndipo anayamba ndi Aida, sewero la mwana wa mfumu ya ku Ethiopia amene anagwidwa ukapolo ku Iguputo. Mpaka pano seweroli limabwerera pafupifupi chaka chilichonse, chifukwa bwaloli ndi lalikulu moti asilikali, ovina ndi oimba mazanamazana amakwana pa siteji nthawi imodzi. Woimba opera wotchuka Maria Callas anayambira kudziwika ku Italy pa bwalo lomweli mu 1947.

Mipando ilipo ya mitundu iwiri. Pansi pali mipando yeniyeni, yokwera mtengo, kumene anthu amatchena. M'mwamba mumakhala pa masitepe amiyala, ndipo kumeneko ndiye kuli moyo: mabanja, ophunzira, achikulire amene akhala akubwera kuyambira ali ana. Pali mwambo woti mdima ukamagwa, nyimbo zisanayambe, anthu amayatsa timakandulo bwalo lonse. Mwalawo umasunga kutentha kwa dzuwa mpaka usiku ndipo ndi wouma, choncho bwerekani khushoni pakhomo kapena tengani yanu. Maola atatu kapena anayi si masewera.

Tinene zoona: kwa amene akufuna kumva bwinobwino liwu la woimba, Verona si malo opambana. Bwalolo lakula kwambiri. Koma kwa munthu amene akuonera opera koyamba, palibe malo ena amene angamugwire mtima chotere.

Nanga mvula ikagwa?

Nyimbo zimaima nthawi yomweyo, chifukwa madontho ochepa okha amawononga vayolini, ndipo oimba zida amanyamuka osadikira kuuzidwa kawiri. Akuluakulu a chikondwerero amadikira kuti mwina ikata, nthawi zina kwa maola awiri kapena kuposa. Lamulo la ku Verona, limene malo ena apanja amatsatiranso, ndi loti sewero likalephereka lisanayambe ndalama amabweza, koma likayamba n'kudukizidwa sabweza. Werengani malamulo a tikiti yanu, ndipo tengani chovala chamvula chopyapyala osati ambulera, chifukwa ambulera amatchinga anzanu akumbuyo.

Kodi kuli malo ena a opera osadzaza ngati Verona?

Alipo, ndipo okonda nyimbo enieni amathamangira kumeneko. Woyamba ndi Macerata, tauni yapaphiri m'chigawo cha Marche. Bwalo lake, Sferisterio, silinamangidwire nyimbo konse. Anthu 100 olemera a m'tauniyo anasonkha ndalama n'kulimanga kuti azichitiramo masewera a mpira womenya ndi mkono, ndipo linatsegulidwa mu 1829. Masewerawo ankafuna khoma lalitali loti mpira uzigundako, ndipo khoma lomwelo, lotalika pafupifupi mamita 90 m'litali, ndi limene lero limabweza mawu a oimba kwa omvera mosataya kanthu. Mumalowa anthu osapitirira 3,000. Ngati mukufuna opera yapanja imene mudzamve liwu lililonse, pitani kumeneko.

Pesaro, m'mbali mwa nyanja ya Adriatic, ndi kwawo kwa Gioachino Rossini, amene anabadwa mu 1792, analemba maopera 39, n'kusiya ali ndi zaka 37 zokha. Chikondwerero chake chinayamba mu 1980 ndipo ntchito yake ndi kufukula maopera ake oiwalika. Mu 1984 anaimbako imodzi imene inali isanamvekenso kwa zaka zoposa 150, akatswiri atachita kusonkhanitsa mapepala ake omwazikana. Ku Pesaro n'kumenenso Juan Diego Flórez wa ku Peru anatulukira mu 1996, atalowa m'malo mwa woimba wina amene anadwala. Ubwino wina wa Pesaro ndi woti masana mukhoza kusambira m'nyanja, kapena kukwera basi kupita ku Urbino, kwawo kwa wojambula Raphael.

Torre del Lago ndi mudzi wa m'mbali mwa nyanja yaing'ono ya Massaciuccoli, kumene Giacomo Puccini ankakhala ndiponso kumene anaikidwa, m'nyumba mwake momwemo. Maopera ake akhala akuimbidwa pamenepo kuyambira mu 1930. Udzudzu ulipo wambiri, ngakhale kuti si wa malungo. Ndipo kum'mwera, ku Martina Franca, kuyambira mu 1975 amaimba maopera osowa m'bwalo la nyumba yachifumu. Nyumba zamiyala zadenga losongoka za ku Alberobello zili pafupi pomwepo.

Spoleto amati chikondwerero cha "maiko awiri". Maiko ake ati?

Ulaya ndi America. Anachiyambitsa mu 1958 ndi Gian Carlo Menotti, wopeka nyimbo wobadwira ku Italy amene anakhala zaka zambiri ku United States, ndipo ankafuna kuti aluso achinyamata a mbali ziwirizi azikumana. Anasankha Spoleto chifukwa inali tauni yabata yokhala ndi nyumba ziwiri za zisudzo ndi bwalo la Aroma. Mu 1977 anayambitsanso china chofanana nacho ku Charleston, ku America.

Kusiyana kwake ndi zina n'koti si nyimbo zokha: kuli magule, masewero, zojambula ndi zokambirana, ndipo tsiku limodzi mukhoza kuonera zinthu zitatu m'nyumba zitatu zosiyana. Chimatsekedwa ndi konsati yapanja pa bwalo lotsetsereka la kutsogolo kwa tchalitchi chachikulu. M'tchalitchimo muli zithunzi zomaliza za Filippo Lippi, amene anafera ku Spoleto mu 1469 ntchitoyo isanathe, ndipo manda ake ali momwemo.

Ine opera siyindisangalatsa. Kuli china?

Pitani ku Perugia mu Julayi. Umbria Jazz inayamba mu 1973 ndipo imatenga masiku khumi. Dzina ndi la jazi, koma kumabwera oimba a soul, blues, funk, a ku Brazil, a ku Cuba ndi a ku Africa. Miles Davis anaimbako, ndipo mu 1987 Sting anaimba limodzi ndi gulu la Gil Evans. Oimba akuluakulu amakhala ku Arena Santa Giuliana, kolowa ndi tikiti. Koma pa bwalo la Piazza IV Novembre, pafupi ndi kasupe wosema wa mu 1278, komanso m'munda wa Giardini Carducci, nyimbo ndi zaulere kuyambira masana mpaka usiku, ndipo gulu la malipenga limayenda mumsewu waukulu wa Corso Vannucci anthu akulitsatira pambuyo. Munthu atha kukhala ku Perugia masiku atatu osagula tikiti ngakhale imodzi n'kubwerera atakhuta nyimbo.

Perugia ndi tauni ya ophunzira, ili ndi yunivesite yophunzitsa alendo Chitaliyana, motero nkhope zachilendo si zodabwitsa kumeneko. Pokwera kuchokera kumunsi mumadutsa pa masitepe oyenda okha amene amapyola m'kati mwa linga la Rocca Paolina, limene Papa Paulo III anamanga mu 1540 pamwamba pa nyumba za anthu amene anamuukira. Misewu yawo yakale idakali pansipo.

Kwa okonda pop ndi rock, Lucca Summer Festival yakhala ikuchitika kuyambira mu 1998, nthawi zambiri pa Piazza Napoleone. Bob Dylan, Elton John ndi Rolling Stones anaimbako. Pistoia, pafupi ndi Florence, ili ndi chikondwerero cha blues kuyambira mu 1980. Ndipo pa chilumba cha Sardinia, woimba lipenga Paolo Fresu anayambitsa Time in Jazz m'mudzi wakwawo wa Berchidda mu 1988, kumene makonsati ena amachitikira kutchire ndi pa timatchalitchi ta m'minda.

Kodi eni dziko ali ndi nyimbo zawo zamakolo, zosakhala za m'nyumba za zisudzo?

Ali nazo, makamaka kum'mwera. Yotchuka kwambiri ndi pizzica ya ku Salento, kumapeto kwenikweni kwa chigawo cha Puglia: ng'oma yam'manja yokhala ndi timabelu, yotchedwa tamburello, vayolini, akodiyoni ndi mawu akuthwa, zonse pa liwiro losapumira. Kale nyimboyi inali mankhwala. Anthu ankakhulupirira kuti munthu akalumidwa ndi kangaude wotchedwa taranta nthawi yokolola, makamaka mayi, amadwala matenda amene amachoka pokhapokha atavina. Banja linkaitana oimba kunyumba, wodwalayo n'kuvina maola ambiri, mwina masiku angapo, ndipo pa 29 Juni ankapita kukathokoza ku kachisi wa Paulo Woyera ku Galatina. Amene anaonapo vimbuza kumpoto sangavutike kumvetsa zimene zinkachitika m'nyumbamo. Katswiri wina wa chikhalidwe, Ernesto De Martino, anakafufuza mwambowu mu 1959 uli pafupi kutha, ndipo anaona kuti gwero lake silinali ululu wa kangaude koma umphawi, ntchito yakalavulagaga ndi zowawa za m'banja zimene amayi analibe pozinenera.

Mwambowo unatha koma nyimbo zinatsala. Kuyambira mu 1998, La Notte della Taranta imayenda mudzi ndi mudzi mu Ogasiti, n'kukathera ku Melpignano, kamudzi ka anthu pafupifupi 2,000, kumene anthu oposa 100,000 amavina usiku wonse popanda kulipira. Chaka chilichonse amaitana katswiri wina kuti asakanize pizzica ndi nyimbo zina, ndipo pali eni dera amene amadandaula kuti zasanduka zapawailesi yakanema. Ali ndi mfundo. Mausiku a m'midzi ing'onoing'ono, sabata zotsogolera tsiku lalikululo, ndi amene mungaonemo agogo ndi zidzukulu akuvina bwalo limodzi. M'midzi ina ya kumeneko mudakali achikulire olankhula Griko, chinenero chochokera ku Chigiriki, ndipo nyimbo zina zimaimbidwa m'chinenerochi.

Zithunzi za ku Ravello zimaoneka zokongola kwambiri. Ndi zoonadi?

Ndi zoona. Ravello ili pamwamba pa phiri, mamita oposa 300 kuchokera pa nyanja ya ku Amalfi, ndipo siteji imamangidwa m'munda wa Villa Rufolo molendewera kuphompho, moti kumbuyo kwa oimba mumangoona nyanja ndi thambo. Wopeka maopera wa ku Germany, Richard Wagner, anacheza m'mundawu mu 1880, ndipo chikondwererochi chinayamba mu 1953 pomukumbukira. Konsati yotchuka ndi ya m'bandakucha, cha pa 11 Ogasiti, imene imayamba kudakali mdima kuti dzuwa lituluke nyimbo zili m'kati. Matikiti ake amatha msanga.

Vuto ndi thumba. Dera la Amalfi ndi lodula kwambiri nyengo yotentha, sitima sifika, ndipo mabasi amadzaza pa msewu wopapatiza wokhotakhota. Ngati ndalama ndi zowerengeka, gonani ku Salerno.

Nyimbo ndi zausiku. Nanga masana ndizichita chiyani?

Apa ndiye pamene tauni imene mwasankha imaonetsa phindu lake. Ku Ravenna, kumene chikondwerero chinayamba mu 1990, kuli nyumba zisanu ndi zitatu za Akhristu oyambirira zimene zili pa mndandanda wa UNESCO. Makoma ake ndi okutidwa ndi zithunzi zopangidwa ndi timagalasi ndi timiyala tamitundumitundu, zina za golide, ndipo mtundu wake sunafwifwe chiikire. Tchalitchi cha San Vitale chinadalitsidwa mu 547, ndipo makonsati ena amachitikira momwemo. Manda a mlakatuli Dante, amene anamwalira mu 1321, ali m'tauni yomweyi.

Ku Orvieto, tsikirani m'chitsime cha San Patrizio. Papa Clement VII anathawira kumeneko mzinda wa Rome utafunkhidwa mu 1527, ndipo poopa kuti adani akazinga tauniyo madzi adzasowa, analamula kuti chikumbidwe. Ndi chakuya mamita oposa 50, ndipo chili ndi njira ziwiri zozungulira zosakumana, kuti abulu otsika ndi okwera ndi madzi asamatsekerezane. Masitepe ake ndi 248, ndipo potuluka mawondo amadziwa.

Ku Lucca, linga lozungulira tauni ndi lalitali makilomita anayi ndipo pamwamba pake ndi potakata, pali mitengo, anthu amayendapo pa njinga. Kulinso nsanja ya Guinigi imene pamwamba pake pamera mitengo, ndi nyumba imene Puccini anabadwiramo mu 1858. Ku Cremona, kwawo kwa Antonio Stradivari, mmisiri wotchuka wakale wa vayolini, amisiri akusemabe vayolini ndi manja m'timashopu tambiri, ndipo ku myuziyamu ya vayolini masiku ena amatulutsa chida chimodzi chakale n'kuchiimba kwa kanthawi kuti alendo amve.

Kumbukirani kuti m'matauni aang'ono mashopu ndi matchalitchi ambiri amatseka kuyambira cha m'ma 1 koloko mpaka cha m'ma 4, ndipo mamyuziyamu ambiri satsegula Lolemba. Eni dziko amagona masana. Chitani chimodzimodzi, chifukwa usiku ndi wautali.

Ndinamva za mpikisano wa mahatchi ku Siena. Ukugwirizana ndi zikondwererozi?

Si wa nyimbo, koma umachitika nyengo yomweyo: pa 2 Julayi ndi pa 16 Ogasiti. Dzina lake ndi Palio. Siena inagawidwa m'madera 17 otchedwa contrada, lililonse ndi mbendera yake ndi tchalitchi chake, ambiri ali ndi mdani wawo wachikhalire, ndipo madera khumi ndi amene amathamanga pa mpikisano umodzi. Mahatchi amagawidwa mwa maere, amakadalitsidwa m'tchalitchi cha deralo, ndipo okwera amakwera opanda chishalo. Amazungulira bwalo la Piazza del Campo katatu, zonse n'kutha m'mphindi imodzi ndi theka. Hatchi ikhoza kupambana ngakhale wokwera atagwa. Mphoto yake ndi nsalu yojambulidwa basi, koma amuna aakulu amalira misozi chifukwa cha nsaluyo.

Pakati pa bwalo ndi paulere, koma muyenera kufika maola angapo nthawi isanakwane, kuima padzuwa, ndipo akatseka zipata simutuluka, zimbudzi mulibe. Si malo opita ndi ana aang'ono. Mahatchi amavulala pa makona, ndipo oteteza nyama akhala akudzudzula mpikisanowu kwa zaka zambiri. Amene akufuna nyimbo ku Siena apeza makonsati a sukulu ya Accademia Chigiana, imene inayamba mu 1932.

Miyambo ina yofanana nayo: ku Gubbio pa 15 Meyi amuna amathamanga kukwera phiri atasenza mitengo itatu yosema, uliwonse wolemera pafupifupi makilogalamu 300, polemekeza Ubaldo Woyera, ndipo ku Spello, usiku wotsogolera chikondwerero cha Ukaristia, anthu amachezera kuyala zithunzi za maluwa m'misewu, zimene m'mawa mdipiti umadutsapo.

Ndingathe kupita miyezi yozizira yokha. Ndaphonya zonse?

Ayi. Mu Okutobala kuli Festival Verdi ku Parma ndi ku Busseto, pafupi ndi mudzi umene Verdi anabadwira. Omvera a m'mipando yam'mwamba ku Teatro Regio, nyumba ya zisudzo ya ku Parma, amadziwika kuti woimba akalakwitsa samubisira. Kumapeto kwa Disembala mpaka pa 1 Januwale kuli Umbria Jazz Winter ku Orvieto, imene inayamba mu 1993, ndipo tsiku la chaka chatsopano kwaya ya gospel imaimba pa Misa m'tchalitchi chachikulu. Mu Febuluwale dziko lonse limakhala pa wailesi yakanema kuonera mpikisano wa nyimbo wa ku Sanremo, umene unayamba mu 1951. Malo ogona amatsikanso mtengo, kupatula sabata ya Khirisimasi.

Matikiti ndi ndalama zingati, ndipo ndigule kuti?

Ku Verona, m'zaka zaposachedwapa, masitepe amiyala am'mwamba akhala akuyambira pa mayuro 30 kapena kuposerapo pang'ono, pamene mipando yakutsogolo imapitirira mayuro 200. Malo ena amakhala pakati pa mitengo iwiriyi. Gulani pa tsamba la chikondwererocho kapena kwa ogulitsa amene tsambalo lawatchula, monga TicketOne ndi Vivaticket. Masamba ogulitsanso matikiti amakweza mtengo kawiri kapena katatu, ndipo pa makonsati aakulu a pop tikiti imakhala ndi dzina la mwini wake, limene amaliyerekeza ndi chiphaso pakhomo.

Zaulere ndi zimene tatchula pa mafunso a Perugia, Melpignano ndi Siena. Onjezanipo mamyuziyamu a boma, amene salipiritsa Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse.

Nanga viza ndi ndege?

Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy. Chilolezo chokhala ku Britain sichilowa m'malo mwake. Koma amene ali ndi pasipoti ya Britain safunika viza pa ulendo waufupi. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake ndi mayuro 90 kwa munthu wamkulu. Amafuna inshulansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, umboni wa malo ogona, wa ndege yobwerera, wa ndalama za kubanki ndi kalata ya kuntchito kapena kusukulu. Mutha kupempha kudakali miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chitani msanga, chifukwa miyezi ya zikondwerero ndi imenenso mizere imatalika. Kazembe wa Italy amene amayang'aniranso Malawi amakhala ku Lusaka. Funsani ofesi yake kumene mapepala akulandiridwa chaka chimenecho.

Ndege za Ethiopian Airlines zimachoka ku Lilongwe ndi ku Blantyre kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Rome kapena ku Milan. Rome ndi yabwino kwa opita ku Spoleto, Orvieto, Perugia ndi kum'mwera. Milan kwa opita ku Verona, Cremona ndi Parma.

Ndibwereke galimoto kapena ndikwere sitima?

Sitima. Kuchokera ku Rome, Orvieto ndi ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zochepa, Spoleto pafupifupi ola ndi theka. Kuchokera ku Milan kupita ku Verona pa sitima yothamanga ndi ola limodzi ndi pang'ono. Matikiti a sitima zothamanga za Trenitalia ndi Italo amatchipa mukagula kudakali masabata. Tikiti yapepala ya sitima zam'madera iyenera kudindidwa pa kamakina ka pasiteshoni musanakwere, apo ayi woyang'anira amakulipiritsani chindapusa ngakhale mutanena kuti ndinu mlendo. Safunsa anadya phula: ngati simukuona kamakinako, funsani. Masiteshoni ambiri ali m'munsi mwa phiri, tauni ili pamwamba, choncho katundu achepe.

Galimoto ili ndi msampha wake. Pakati pa matauni akale pali malire olembedwa ZTL, kumene amalowa eni dera okha. Kamera imajambula nambala, ndipo chindapusa chimakupezani kwanu patapita miyezi. Galimoto imathandiza ku Salento ndi ku Sardinia kokha, kumene midzi ndi yotalikirana. Dziwaninso kuti opera ikamatha sitima yomaliza imakhala itapita kale, motero gonani m'tauni momwemo kapena funsani ngati chikondwerero chakonza mabasi ausiku.

Kugona ndi kudya, ndingachepetse bwanji ndalama?

Sungitsani malo kudakali miyezi, makamaka ku Spoleto, Pesaro ndi Perugia. Nyumba za alendo za masisitere ndi ansembe zimakhala zaukhondo ndi zotsika mtengo, koma zina zimatseka chipata usiku, ndiye funsani kaye. Matauni ambiri amalipiritsa kamsonkho ka alendo pa usiku uliwonse, kamene kamaperekedwa pa hotela. Sabata ya 15 Ogasiti, tchuthi cha Ferragosto, eni dziko onse amakhala pa ulendo ndipo mitengo ya m'mbali mwa nyanja imakwera.

M'malesitilanti muli kandalama kowonjezera kotchedwa coperto, kolipirira mpando ndi buledi. Si kuba, kamalembedwa pa menyu. Khofi womwera chiimire pa kauntala ndi wotchipa kuposa wokhala pa tebulo lapabwalo. Madzi a m'mipopi ya m'misewu ndi akumwa, pokhapokha palembedwa kuti non potabile. Ndipo mukaona chikwangwani cholembedwa sagra, tsatirani: ndi phwando la mudzi lokondwerera chakudya chimodzi, kaya nsomba, bowa kapena polenta ya ufa wa chimanga chachikasu, pa matebulo ataliatali, mtengo wapansi, gulu la oimba a m'mudzi likuimba pambali.

Ndivale chiyani, ndipo pali miyambo yoti ndisamale?

Pa masitepe a ku Verona ndi pa mabwalo a jazi valani zimene mukupeza bwino, ndi juzi yopepuka ya pakati pa usiku. Pa mipando yakutsogolo ndi m'nyumba za zisudzo anthu amatchena. Diresi ya chitenje yosokedwa bwino kapena shati ya kolala ndi yokwanira. M'matchalitchi mapewa ndi mawondo azikhala ofundidwa, amuna ndi akazi omwe. Nsapato zikhale zafulati, chifukwa misewu ndi yamiyala.

Nyimbo zikayamba salankhula, sajambula ndi kuwala, ndipo wochedwa amadikira panja mpaka nthawi yopuma. Pa opera n'kololedwa kuwomba m'manja woimba akamaliza nyimbo yake, ndipo anthu amakuwa bravo kwa mwamuna, brava kwa mkazi. Pa konsati ya zida zokha, dikirani kuti wotsogolera atsitse manja n'kutembenuka.

Ndili ndi sabata imodzi yokha. Ndipite kuti?

Sankhani chigawo chimodzi. Ambiri amafuna Verona, Ravello ndi Melpignano ulendo umodzi, n'kuthera sabata yonse m'sitima. Kwa woyamba, Umbria kumayambiriro kwa Julayi ndiye yabwino: zaka zambiri masiku omaliza a Spoleto amakumana ndi masiku oyamba a Umbria Jazz, matauni awiriwa ndi ola limodzi pa sitima, Assisi ndi Spello zili pakati pawo, ndipo Orvieto mukhoza kuyiona pobwerera ku Rome. Wokonda opera apite ku Marche kumayambiriro kwa Ogasiti, aone Macerata kenako Pesaro, atayamba waonetsetsa kuti masiku ake akulumikizana chaka chimenecho.

Kodi oimba akwathu amaimbako ku Italy? Nanga amene sangathe kupita angamvere bwanji?

Alleluya Band ya ku Balaka yakhala ikupita ku Italy nyengo yotentha kwa zaka zambiri, chifukwa cha ubale umene unabwera ndi ansembe a chipani cha Montfort ochokera ku Italy. Iwo amaimba makamaka m'mabwalo a matauni ndi m'maparishi, osati pa zikondwerero za opera.

Kwa omvera ali kunyumba, wailesi ya Rai Radio 3 imamveka pa intaneti ndipo imaulutsa maopera a ku Pesaro usiku woyamba wa sewero lililonse. Mchezo wa ku Melpignano umaonetsedwa pa wailesi yakanema ya Rai, ndipo zigawo zake zimapezeka pa YouTube pambuyo pake. Popeza mu Ogasiti nthawi ndi imodzi, ola limene lalembedwa pa pulogalamu ya ku Italy ndi lomwelo ku Blantyre, Chipata ndi Tete.